Ndawala ya Tsiku Limodzi, Matenda a Moyo Wonse

Chaka chilichonse chisanu chikangotha ku United States, makamaka m'miyezi ya Epulo ndi Meyi, m'mizinda ndi m'matauni ambirimbiri mumachitika ndawala yotchedwa Walk MS. Loweruka kapena Lamulungu m'mawa anthu amasonkhana papaki kapena pabwalo la sukulu atavala zovala za mtundu wa olenji, n'kuyenda mtunda wa kilomita imodzi ndi theka, ena makilomita asanu. Ena amayenda ndi ndodo, ena amakankhidwa pa njinga za anthu aulumali, ana amathamangira kutsogolo. Ndawalayi inayamba mu 1988, ndipo bungwe limene limaikonza, la National Multiple Sclerosis Society, limati chiyambire yasonkhetsa ndalama zoposa madola 1 biliyoni. Pakati pa oyendawo pamakhala mabanja, mipingo ndi makampani akuluakulu onyamula zikwangwani zazitali. Koma pamakhalanso timagulu ta anthu asanu ndi atatu kapena khumi, tovala matisheti ofanana olembedwa dzina la galaja, saluni, ofesi ya owerengera ndalama kapena sitolo ya zipangizo zomangira ya m'tauni momwemo. Timagulu timeneti n'tosavuta kutinyoza, ndipo otinyoza ali ndi mfundo zimene munthu woganiza sangazikankhire kumbali. Ine ndikuona kuti bizinesi yaing'ono imachita bwino kuyenda nawo, koma chifukwa chachikulu si ndalama zimene imasonkhanitsa. Chifukwa chake ndi zimene ndawalayo imaikakamiza kuchita ikabwerera pa ntchito.

Matenda a multiple sclerosis, amene ambiri amangowatchula mwachidule kuti MS, amagwira ubongo, mtsempha waukulu wodutsa m'fupa la msana, ndi mitsempha ya maso. Mitsempha yotumiza mauthenga m'thupi ili ndi chikuto chamafuta chotchedwa myelin, monga momwe waya wa magetsi amakutidwira ndi pulasitiki. Mwa munthu wodwala MS, chitetezo cha m'thupi, chimene ntchito yake ndi kulimbana ndi tizilombo, chimatembenukira chikuto chimenechi n'kumachiwononga, ndipo pamene chawonongeka pamatsala zipsera. Uthenga wochokera ku ubongo umachedwa, umasokonekera, mwinanso sufika n'komwe. Dokotala wa ku France, Jean-Martin Charcot, ndi amene anafotokoza matendawa momveka bwino mu 1868 pa chipatala cha Salpêtrière ku Paris. Zizindikiro zake zimadalira pamene zipserazo zagwera: diso limodzi kuwawa ndi kuona mwachimbuuzi, dzanzi m'miyendo, kudzandira poyenda, kulephera kugwira mkodzo, kuiwalaiwala, ndiponso kutopa kwa mtundu wake kumene tulo sitimakuthetsa. Kwa odwala pafupifupi 85 mwa 100 alionse matendawa amayamba mobwera ndi kupita. Munthu amagwa nawo masabata angapo, kenaka amadzuka n'kumaoneka bwinobwino kwa miyezi kapena zaka. Mwa ena amadzasintha pambuyo pake n'kumangokulirakulira pang'onopang'ono, ndipo mwa ena ochepa amatero kuyambira pa chiyambi. Sapatsirana, ndipo mpaka lero alibe mankhwala owachiziratu.

Bungwe la MS International Federation linawerengera mu 2020 kuti padziko lonse pali anthu pafupifupi 2.8 miliyoni odwala MS. Amayi amagwidwa kwambiri kuposa abambo, kuwirikiza kawiri kapena katatu. Koma chiwerengero chofunika kwambiri pa nkhani yathuyi ndi cha msinkhu: ambiri amapezeka ndi matendawa ali ndi zaka zapakati pa 20 ndi 40. Imeneyi ndi nthawi imene munthu akungokhazikika pa ntchito, akumanga banja, akulipira ngongole ya nyumba. Ndiye kuti MS ndi matenda a anthu a pa ntchito, ndipo zizindikiro zake zambiri sizioneka ndi maso. Mmodzi mwa madokotala a maso a ku Germany, Wilhelm Uhthoff, anaona kalekale mu 1890 kuti odwala ena amayamba kuona mwachimbuuzi akachita zolimbitsa thupi, ndipo pambuyo pake zinadziwika kuti chimachititsa ndi kutentha kwa thupi. Lero n'zodziwika kuti kutentha pang'ono chabe, kwa m'khitchini ya lesitilanti kapena m'galaja masana a chilimwe, kungathe kufooketsa miyendo ya munthu amene m'mawa analowa pa ntchito akuyenda bwino. Bwana wosadziwa zimenezi amaona ulesi. Anzake a pa ntchito akamuona akudzandira amanong'onezana za mowa.

Bungwe lokonza ndawalayi nalo linayamba ndi munthu wamba. Mu 1945 mayi wina wa ku New York, Sylvia Lawry, amene mchimwene wake ankadwala MS, anaika kachilengezo kakang'ono m'nyuzipepala ya New York Times kopempha kuti aliyense amene anachirapo matendawa amulembere. Mayankho anabwera pafupifupi 50, koma ambiri anali ochokera kwa anthu ofunanso chithandizo ngati iye. Chaka chotsatira, mu 1946, anasonkhanitsa akatswiri a kafukufuku n'kuyambitsa bungwe limene linadzakhala National Multiple Sclerosis Society. Ku Britain bungwe lofanana nalo, la MS Society, linayambitsidwa mu 1953 ndi banja la Richard ndi Mary Cave, ndipo Mary ndi amene ankadwala. Mbiri imeneyi ikutiuza kuti ntchito yolimbana ndi MS sinayambitsidwe ndi boma kapena makampani a mankhwala. Anaiyambitsa ndi achibale a odwala, ndipo kagulu ka pa galaja kamene kakuyenda chifukwa mkazi wa makaniko wawo akudwala kakuponda m'mapazi a anthu amenewa.

Tsopano tiimve mfundo yoyamba ya otsutsa, ndipo ndi yolemera. Iwo amati ndalama za timaguluti ndi zochepa kwambiri moti sizisintha kanthu. Tiyerekeze kagulu ka anthu asanu ndi atatu. Kamaika botolo pa kauntala pafupi ndi polipirira kuti makasitomala aziponyamo chenji, kamagulitsa makeke Lachisanu, aliyense amatumiza uthenga kwa abale ndi anzake pa Facebook, ndipo mwini bizinesi amalonjeza kuti pa dola iliyonse yosonkhedwa iye aikapo ina. Patatha miyezi iwiri tinene kuti kapeza madola 3,000. Ndalama imeneyi tiiyerekeze ndi mtengo wa mankhwala. Mankhwala oyamba ochepetsa mphamvu ya MS, a Betaseron, anavomerezedwa ku America mu 1993, ndipo anali ochepa kwambiri moti odwala anachita kuwalandira mwa mayere. Mankhwala oyambirirawo ankagulidwa pa madola 8,000 mpaka 11,000 pa chaka, koma pofika 2013 omwewo anali atafika pa madola pafupifupi 60,000. Mu 2022 mtengo wapakatikati wa mankhwala a MS a mayina a makampani unali pafupifupi madola 94,000 pa chaka. Ndiye kuti thukuta la miyezi iwiri la kagulu kaja silingagule mankhwala a wodwala mmodzi a masabata awiri. Kafukufuku wina wofalitsidwa mu 2022 anapeza kuti mu 2019 mokha MS inadyera dziko la America madola 85.4 biliyoni, kuphatikiza za kuchipatala ndi malipiro otayika. Biliyoni imodzi imene ndawala yasonkhetsa pa zaka zoposa 30 singakwanire ngakhale sabata imodzi ya ndalama zimenezi. Tisaiwalenso kuti gawo lina la zosonkhedwazo limathera pa matenti, madzi, zilolezo ndi malipiro a okonza mwambowo.

Masamuwa ndi oona, koma akuyeza chinthu cholakwika. Ndalama za ndawala sizinapangidwe kuti zizigula mankhwala pa mtengo wa kampani. Mphamvu yake ili poti zimapita kumene ndalama za malonda sizingapite. Kampani ya mankhwala imaika chuma chake pa mankhwala atsopano amene idzakhale ndi ufulu wogulitsa yokha kwa zaka zambiri. Ilibe chifukwa choyesera piritsi lakale lotchipa limene aliyense angathe kupanga. Komatu mayankho ena angakhale ali m'mapiritsi oterowo. Ku Britain kunachitika kafukufuku wamkulu wotchedwa MS-STAT2, woyesa ngati simvastatin, mankhwala otchipa ochepetsa mafuta m'magazi, angachedwetse MS yomangokulirakulira. Odwala pafupifupi 1,000 anatenga nawo mbali, ndipo ndalama zake zinachokera ku boma la Britain, ku MS Society ndi ku bungwe la ku America lija. Zotsatira zinatuluka mu 2024, ndipo zinali zokhumudwitsa: mankhwalawo sachedwetsa MS ya mtundu umenewu. Wina anganene kuti ndalama zinalowa m'madzi. Ine ndikuti ayi. Madokotala ndi odwala tsopano akudziwa kuti njira imeneyo ndi yotsekeka, ndipo palibe kampani imene ikanalipira kuti anthu adziwe zimenezi. Kafukufuku wina wotchedwa Octopus, wolipiridwa ndi MS Society, anayamba mu 2023 kuyesa mankhwala angapo akale nthawi imodzi, kuphatikizapo metformin amene odwala shuga amamwa tsiku ndi tsiku.

Palinso ntchito yowerenga anthu ndi yofufuza gwero la matenda, imene ilibe chogulitsa kumapeto kwake. Kwa zaka zambiri ku America ankangoti odwala MS alipo 400,000. Kafukufuku wolipiridwa ndi National Multiple Sclerosis Society, wofalitsidwa mu 2019, anaonetsa kuti alipo pafupifupi 1 miliyoni, kuposa kuwirikiza kawiri. Chiwerengero chotere ndi chimene munthu amapita nacho kwa aphungu a nyumba ya malamulo popempha ndalama za kafukufuku. Mu Januwale 2022 gulu la Alberto Ascherio la ku Harvard linafalitsa zimene linapeza litaunika magazi osungidwa ndi zolembedwa za asilikali a America oposa 10 miliyoni pa zaka 20. Linapeza kuti munthu akatenga kachilombo ka Epstein-Barr, chiopsezo chake chodwala MS chimakwera kuwirikiza ka 32. Kachilomboka kali mwa akuluakulu pafupifupi 95 mwa 100 alionse, choncho sikokwanira pakokha kudwalitsa munthu, koma zikuoneka kuti popanda iko MS sichitika kawirikawiri, ndipo zimenezi zatsegula khomo la kuganizira za katemera. Ndalama zambiri za ntchitoyi zinali za boma, koma bungwe la ndawala lija linaikapo zake. Tisakokomeze n'kunena kuti oyenda ndawala ndiwo anapanga mankhwala oposa 20 amene alipo lero. Anapanga ndi makampani, akudalira kafukufuku wa m'mayunivesite. Komabe mbiri ya America yomweyo ili ndi umboni wa zimene timakobidi tingachite: bungwe la March of Dimes, loyambitsidwa ndi Pulezidenti Franklin Roosevelt mu 1938, linkasonkhetsa tindalama tasiliva kwa anthu wamba, ndipo ndilo linalipira ntchito ya Jonas Salk imene inabala katemera wa poliyo wolengezedwa mu 1955.

Mfundo yachiwiri ya otsutsa imatikhudza ife a ku Africa mwachindunji. Anthu ena oganiza mozama za kupereka, otsatira maganizo a katswiri wa nzeru za makhalidwe Peter Singer, amati wopereka aziyang'ana kumene dola yake ipulumutse miyoyo yambiri. Malungo amapha anthu pafupifupi 600,000 pa chaka, ambiri mwa iwo ana aang'ono a kum'mwera kwa chipululu cha Sahara. Bungwe la GiveWell, limene limaunika ntchito za mabungwe othandiza, limawerengera kuti madola zikwi zochepa chabe operekedwa ku Against Malaria Foundation, imene yagawapo maneti ku Ntcheu, ku Balaka ndi m'madera ena a Malawi ndi Zambia, amapulumutsa moyo wa munthu mmodzi. Ndiye amafunsa kuti: madola 3,000 aja, bwanji osagula maneti? Funsoli silofunika kulizemba. Tikangoyeza dola ndi dola, maneti amapambana, ndipo mwini bizinesi amene angathe kuchita zonse ziwiri achite. Koma ndalama za m'botolo la pa kauntala sizinali pa ulendo wopita ku maneti kenaka n'kupatutsidwa. Zinatuluka m'matumba chifukwa kasitomala akumudziwa mayi amene amamumeta tsitsi, ndipo wamva kuti mlongo wake akudwala. Popanda ubale umenewo chenjiyo ikanagula khofi.

Ndiponso si zoona kuti ntchito ya mabungwe a MS imathera m'maiko olemera. Kale ankaphunzitsa kuti awa ndi matenda a azungu a kumaiko ozizira. N'zoona kuti amapezeka kwambiri kutali ndi pakati pa dziko, koma kafukufuku wa ku California wofalitsidwa mu 2013 anapeza kuti amayi akuda a kumeneko amagwidwa kwambiri kuposa amayi achizungu. M'maiko ambiri a mu Africa madokotala a ubongo ndi mitsempha ndi owerengeka, makina a MRI ounikira zipsera zija ndi osowa, ndipo munthu amene sanapimidwe salowa m'chiwerengero. Mu Julayi 2023 bungwe la World Health Organization linaika kwa nthawi yoyamba mankhwala a MS pa mndandanda wake wa mankhwala ofunika kwambiri: cladribine, glatiramer acetate ndi rituximab. Pempho lake linatsogoleredwa ndi MS International Federation, chitaganya cha mabungwe a m'maiko osiyanasiyana amene amakhalira zopereka za anthu wamba. Mndandanda umenewu ndi umene maboma ambiri amayang'anapo posankha mankhwala ogulira zipatala zawo. Nkhani ya rituximab ndi yophunzitsa. Stephen Hauser wa ku San Francisco ndi anzake anaonetsa mu 2008 kuti mankhwala a khansa amenewa amagwira ntchito kwambiri pa MS, koma amene anadzalowa pa msika mu 2017 anali m'bale wake watsopano, ocrelizumab, pa mtengo wa madola 65,000 pa chaka. Kuti rituximab wotchipayo azindikirike ngati mankhwala a MS kwa maiko osauka, panafunika anthu olankhulira odwala amene sakusaka phindu.

Mfundo yachitatu ndi yokayikira mtima wa mwini bizinesi. Amati tisheti yolembedwa dzina la sitolo ndi kutsatsa malonda kovala nkhope ya chifundo. Ena amabwera ndi mbali ina, kuti bizinesi isalowerere n'komwe za chifundo, ndipo amatchula katswiri wa zachuma Milton Friedman, amene mu 1970 analemba kuti udindo wa bizinesi kwa anthu ndi kuchulukitsa phindu lake. Koma amene amamutchula nthawi zambiri sanamuwerenge mpaka kumapeto. Friedman ankadzudzula mabwana a makampani akuluakulu opereka ndalama za eni masheya, ndalama zimene si zawo. Iye yemwe anavomereza kuti mwini bizinesi wodziimira payekha ndi wosiyana, chifukwa akupereka zake. Za kutsatsa malonda, inde kulipo, ndipo sindikuona choipa. Dola yoperekedwa ndi munthu wofuna kutchuka imagula zipangizo za kafukufuku zofanana ndi dola ya munthu wodzichepetsa. Chofunika kuona n'chakuti kudzionetsa kumeneku kuli ndi mtengo wake. Kampani yaikulu ingathe kupachika chikwangwani ku ndawala uku nthambi yake ya mumzinda wina ikuchotsa ntchito wodwala MS, anthu osalumikiza ziwirizo. Mwini galaja wa m'tauni yaing'ono alibe pobisala potero. Amene anamuona atavala olenji Loweruka ndi omwewo adzamve kuti wachotsa mlembi wake chifukwa chodwaladwala.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo kuti timvetse tiyenera kuyang'ana malamulo a ntchito a ku America. Lamulo la Americans with Disabilities Act la 1990 limaletsa kusala munthu pa ntchito chifukwa cha ulumali, ndipo limalamula olemba ntchito kusintha zinthu zina moyenera kuti munthuyo athe kugwira ntchito. Koma gawo limeneli limagwira olemba ntchito okhala ndi antchito 15 kapena kuposerapo. Lamulo la Family and Medical Leave Act la 1993 limalola wodwala kupuma mpaka masabata 12 pa chaka, osalipidwa koma ntchito yake ikumudikira, ndipo limagwira mabizinesi a antchito 50 kupita m'mwamba. Lamulo la zaumoyo la 2010 lokakamiza olemba ntchito kupereka inshuwalansi ya kuchipatala nalonso limayambira pa antchito 50. Zigawo zina, monga California, zili ndi malamulo awoawo ofikira mabizinesi ocheperapo, koma si zonse. Chonsecho mabizinesi ambiri olemba anthu ntchito m'dzikomo ali ndi antchito osafika 20. Tikaziphatikiza, tikupeza kuti wodwala MS wogwira ntchito pa saluni ya anthu asanu ndi mmodzi angakhale wopanda chitetezo chilichonse cha malamulo a boma lalikulu. Kukhala kapena kuchoka kwake kuli m'manja mwa munthu mmodzi, ndipo m'dziko limene inshuwalansi ya ambiri imadzera ku ntchito, kutaya ntchito kungakhalenso kutaya mankhwala. Ku Britain zinthu n'zosiyana: lamulo la Equality Act la 2010 limaona MS, khansa ndi HIV ngati ulumali kuyambira tsiku limene munthu wapezeka nazo, ndipo limagwira wolemba ntchito aliyense, wamkulu ndi wamng'ono. Kumene lamulo silifika, chotsala ndi zimene bwana akudziwa ndi manyazi amene angachite pamaso pa anthu. Ndawala imagwira pa zonse ziwirizi.

Taganizirani zimene munthu amaona pa mtunda wa makilomita asanu uja. Amaona mtsikana wa zaka 28 wooneka wathanzi, koma wavala chovala chokhala ndi timatumba ta ayezi kuti thupi lisatenthe. Amaona bambo amene anayamba ulendo ndi miyendo yake, pofika theka wakhala pa njinga imene mwana wake amaikankha yopanda munthu kuyambira poyambira, chifukwa banjalo limadziwa kale pamene mphamvu zimathera. Amamva anthu akukambirana za tsiku lawo lokalandira mankhwala a m'diripi, amene ena amalandira kamodzi pa miyezi isanu ndi umodzi, ndi kufooka kwa tsiku lotsatira. Amapezanso odwala ambiri amene akugwira ntchito, aphunzitsi, oyendetsa galimoto, owerengera ndalama, zimene zimachotsa maganizo akuti kupezeka ndi MS ndiye kuthera pa njinga. Kapepala ka kuchipatala kangathe kulemba zonsezi, koma bwana wotanganidwa sawerenga timapepala. Akaziona ndi maso, tsiku limene wantchito wake adzapemphe kuti aziyamba ntchito mochedwerapo kapena asamuke pafupi ndi uvuni, pempholo silidzamveka lachilendo. Ndipo wantchito amene wakhala akubisa matenda ake kwa zaka, poopa kuti akaulula achotsedwa, amakhala akuyang'anitsitsa mmene bwana wake akulankhulira za odwala pa tsikulo. Ambiri odwala MS amasiya ntchito pasanathe zaka zambiri atapezeka ndi matendawa, ndipo chifukwa chimene chimatchulidwa kawirikawiri ndi kutopa kuja, osati kulephera kuyenda. Kutopa ndi vuto limene kusintha maola a ntchito kungalichepetse.

Zabwinozi zingathe kusanduka zoipa, ndipo apa eni mabizinesi ayenera kumva mawu olimba. Bwana akayendetsa pepala la zopereka m'shopu, mayina ndi ndalama zikuonekera, wolandira malipiro ochepa sakhala ndi ufulu weniweni wokana. Kumeneko sikupereka, ndi msonkho. Loweruka la wantchito ndi lake, ndipo amene wakana kubwera asafunsidwe chifukwa. Choipa kwambiri ndi kusandutsa wodwala chikwangwani. Matenda ndi chinsinsi cha mwini wake. Kulemba dzina la wantchito pa tisheti, kapena kuika chithunzi chake pa tsamba la bizinesi asanavomere ndi mtima wonse, ndi kumuvula pagulu, ngakhale cholinga chikhale chabwino chotani. Anthu aulumali ku America anadandaulapo kwambiri za kasonkhedwe ka ndalama kodalira kumvetsa chisoni. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 ena amene ali ana anaonetsedwapo pa wailesi yakanema m'mapologalamu a Jerry Lewis osonkhetsa ndalama za matenda a minofu anachita zionetsero, ponena kuti ankaonetsedwa ngati anthu osakwanira. Kagulu ka bizinesi kamene kakufuna kuyenda kayenera kufunsa wodwalayo, ngati alipo ndipo wadziulula yekha, kuti akufuna chiyani. Mwina adzafuna kutsogolera. Mwina adzafuna kuti ayende koma dzina lake lisatchulidwe. Mwinanso adzati ndalamazo ndi zabwino, koma chimene akusowa ndi mpando wokhalapo pa kauntala.

Wina angafunse kuti, ngati chofunika ndi mpando ndi maola, bwanji osangopereka zimenezo n'kusiya za ndawala? Bwana amene angatero payekha atero, ndipo wachita chachikulu kuposa amene wayenda koma osasintha kanthu. Kungoti anthu ambiri sasintha chifukwa cha mfundo zolembedwa. Amasintha akaona, akamva, ndiponso akalonjeza pamaso pa anzawo. Ndawala imabweranso chaka ndi chaka, ndipo izi n'zoyenera kwa matenda amene munthu amakhala nawo zaka 30 kapena 40. Tisheti ya chaka chatha ikadali m'kabati, funso limabwera lokha: chaka chino mnzathu uja akadali nafe? Kagulu kamene sikangayankhe funsoli mosachita manyazi kanangotsatsa malonda basi.

Choncho kwa mwini bizinesi yaing'ono amene akuganiza zolembetsa kagulu kake, lembetsani, sonkhani, ndipo inuyo muikepo zanu zochuluka kuposa za antchito anu. Koma musanapite kukadinditsa matisheti, yendani kaye m'shopu mwanu. Onani ngati muli fani pamalo otentha, ngati chimbudzi chili pafupi, ngati munthu angaimike galimoto pafupi ndi khomo, ngati wantchito angapite kukalandira mankhwala popanda kudulidwa malipiro a tsikulo, ndiponso ngati aliyense akudziwa kuti kuulula matenda sikungamuchotsetse ntchito. Zambiri mwa izi si zodula. Bungwe la Job Accommodation Network, limene limalangiza olemba ntchito ku America pa nkhani zotere, lakhala likupeza m'kafukufuku wake kuti pafupifupi theka la zosintha zimene antchito aulumali amafuna sizidya ndalama iliyonse, ndipo zambiri mwa zotsalazo zimafuna madola mazana ochepa olipira kamodzi kokha.